Zala zitatu zimene zinanditsalira

Pepani kuti papita nthawi ndili chete. Mayeso a kumapeto kwa teremu anatipanikiza, ndipo mapepala oti ndichonge anali mulu wofika m'chiuno. Lero sindilemba za sukulu ayi. Ndikufuna ndikambe za gitala, komanso za dzanja langa lamanzere. Inu amene simuimba musathawe, ndiyesetsa kuti tiyendere limodzi. Amene muli ndi gitala pafupi, itengeni, chifukwa kutsogoloku muli zoti muyese.

Mawu akuti chord ndiwasiya momwemo. Ndinayesa kulemba kuti "kodi", koma chiganizo chilichonse chimaoneka ngati funso. Chord ndi manoti angapo olira nthawi imodzi, monga mmene zimakhalira kwaya ikagwira liwu limodzi la nyimbo, sopulano pake, aluto pake, tenala ndi besi pawo.

Ndili mwana, ndikamva mawu akuti jazz ndinkaganiza za Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band yake pa wailesi. Jazz ya ku America ndinakumana nayo ndili ku koleji, pa kaseti ya mnzanga wogona naye chipinda chimodzi. Inali Virtuoso ya Joe Pass, yojambulidwa mu 1973. Munthu mmodzi, gitala imodzi, koma ukamva besi ilimo, ma chord alimo, nyimbo yeniyeniyo ikuyenda pamwamba. Ndinakana kuti ndi munthu mmodzi mpaka mnzangayo anandionetsa chikuto. Nthawi imeneyo n'kuti ine ndikudziwa ma chord atatu a kutchalitchi aja ndi ena awiri ongowonjezera. Ndiye ndinangoganiza kuti chinsinsi cha Joe Pass n'chakuti amadziwa ma chord ambiri kuposa ine, basi.

Patapita zaka ndinapeza buku la Ted Greene lotchedwa Chord Chemistry, lomwe linatuluka mu 1971. Ndinene zoona, silinali buku lenileni. Inali fotokope ya fotokope ina, masamba ena akuda ngati makala. M'menemo muli timabokosi tambirimbiri tosonyeza poika zala, tsamba ndi tsamba. Greene analembamonso mawu ofotokoza chifukwa chake, koma ine mawuwo ndinkawadumpha n'kuthamangira timabokosi. Ndinkaloweza ndendende ngati mwana wa Fomu 4 amene waloweza njira yonse ya samu koma ukangosintha nambala imodzi wasokonezeka. Ndimaphunzitsa masamu, ndiye ana otere ndimawadziwa bwino, ndipo ndimawakalipira. Sindinkadziwa kuti madzulo ndikafika kunyumba ndinkasanduka mmodzi wa iwo.

Ndinkanyadira kutambasula zala. Chord ikakhala yoti chala cha mkombaphala chigone pa nsambo zonse zisanu ndi imodzi, kwinaku chala chaching'ono chikufika kutali, imeneyo ndiye inali yanga.

Tsiku lina Lachisanu, gulu lina loimba pa hotela ina m'tauni linasowa woimba gitala, ndipo mnzanga ananditchula. Ndinavala jekete. Titayamba blues yapang'onopang'ono mu kiyi ya G, ndinatulutsa katundu yense wa m'fotokope muja: G13, C9, D7 yokhala ndi zokometsera zake, nsambo zonse zikulira. Ndinkaona ngati anthu aleka kutafuna chifukwa cha ine. Pa nthawi yopuma, mkulu woimba besi, bambo wa imvi wosalankhulalankhula, anandikokera pambali.

"Aphunzitsi, zala muli nazo," anatero. "Koma mukulima m'munda mwanga. G wapansi uja ndi wanga, ndi amene anandilembera ntchito pano. Mukamuliza inunso, ine ndizitani? Ndipo mnyamata wa kiyibodi uja mwamutseka pakamwa usiku wonse."

Ndinayankha kuti, "Ndamva, madala," koma mumtima ndinati nsanje basi, mkuluyu buku lija sanalionepo. Sanandiitanenso, ndipo ndinkauza anthu kuti gululo silinali pa mlingo wanga.

Kenako kunabwera ngozi. Inali nthawi ya dzinja, ndikuchokera kusukulu pa njinga, mvula itangokata. Tayala lakutsogolo linaterereka pa matope ndipo ndinagwera dzanja lamanzere, chiwongolero chili pamwamba pake. Anandiika chikhakha milungu isanu ndi umodzi. Atachichotsa, chala chaching'ono chinali chitapindika ndipo sichinawongokenso mpaka lero. Cha mphete chimayenda, koma mwaulesi, ngati chitseko cha mahinjesi a dzimbiri. Anthu obwera kudzandizonda ankati, "Mwayi wake ndi lamanzere, choko mugwirabe." Ankanena zoona ndipo ankanena mwachikondi. Ine ndinkangovomera.

Tsiku limene ndinayesa gitala koyamba, ndinalephera F wamba, amene mwana aliyense amaphunzira mwezi woyamba. Ndinaibweza m'thumba lake n'kuiika pamwamba pa wadiropu. Inakhala pamenepo chaka chathunthu ndi miyezi ingapo. Mayi a kunyumba ankaipukuta fumbi Loweruka lililonse osanena kanthu. Ngakhale nyimbo za Joe Pass ndinazichotsa mu foni.

Mnzanga wina, pofuna kundilimbitsa mtima, ananditumizira nkhani ya Django Reinhardt. Ndinkaidziwa kale. Django anabadwira ku Belgium mu 1910, ndipo mu 1928 ngolo imene ankagonamo inapsa, moto n'kumupundula zala ziwiri za kumanzere, cha mphete ndi chaching'ono, zomwezo zimene zinavulala kwa ine. Anaphunziranso kuimba ndi zala ziwiri zotsalazo, ndipo mu 1934 iye ndi Stéphane Grappelli anayambitsa Quintette du Hot Club de France ku Paris. Nkhani yabwino. Koma inandikwiyitsa. Django anapsa ali ndi zaka 18 ndipo anali Django. Ine ndinali bambo wa ana anayi wokhala ndi makalasi odzaza ondidikira m'mawa uliwonse. Kuuza munthu wothyoka mwendo kuti kwinakwake kuli wina wothamanga ndi ndodo sikumuchotsera ululu.

Amene ananditsitsira gitala pa wadiropu ndi munthu wina, Freddie Green. Usiku wina tulo titasowa ndinkaonera pa YouTube gulu la Count Basie, ndipo maso anga anagwera pa bambo wokhala phee pakati pa malipenga onse aja, gitala atayigoneka pang'ono pa miyendo, dzanja lamanja likungotsika kanayi pa bar iliyonse. Bar ndi kagawo ka nyimbo kamene mumawerenga kuti 1, 2, 3, 4, osati kumene ena a inu mumakhala Lachisanu. Green analowa gulu la Basie mu 1937 ndipo anakhalamo pafupifupi zaka 50, mpaka imfa yake mu 1987, Basie mwini wake atamwalira kale mu 1984. Zaka zonsezo sankaimba solo kawirikawiri, ndipo gitala yake inali yosalumikiza ku magetsi. Chimene chinandigwira ndi dzanja lake lamanzere. Silinkatambasuka. Amene anafufuza kaimbidwe kake amati ankagwira manoti atatu, koma nthawi zambiri olira bwinobwino anali awiri kapena imodzi yokha, nsambo zinazo atazitsekereza kuti zizingomveka ngati ng'oma.

Pamenepo mawu a mkulu wa besi uja anabwerera. Papita zaka, koma ndinawamva ngati wandinong'oneza kumene.

Tsopano tengani gitala. Nsambo tiziwerenga motere: ya 6 ndi yonenepa ija ya pamwamba, ya 1 ndi yowonda ya pansi.

G7 ili ndi manoti anayi: G, B, D ndi F. Powerenga kuchokera pa G, amenewa ndi 1, 3, 5 ndi 7. A kwaya anganene kuti do, mi, so, ta. Funso limene sindinadzifunsepo zaka zonse zija ndi ili: mwa anayiwa, ofunika ndi ati? G ndi wa besi, monga ananenera mkulu uja. D sanena chilichonse chatsopano, chifukwa ali yemweyo kaya chord ndi major kaya ndi minor. Otsala ndi B ndi F. B ndi amene amakuuza ngati chord ikumwetulira kapena ili ndi chisoni. Mukamutsitsa fret imodzi, G7 yasanduka Gm7. F ndi amene amaipangitsa kuti isakhazikike, izifuna kupita kwina. Awiriwa ndiwo mwini nkhani.

Ikani mkombaphala pa nsambo ya 4, fret 3. Ameneyo ndi F. Ikani chala chapakati pa nsambo ya 3, fret 4. Ameneyo ndi B. Lizani nsambo ziwiri zokhazo. Imeneyo ndi G7. Tsopano musasinthe kagwiridwe, ingobwezani dzanja fret imodzi m'mbuyo, pa 2 ndi 3. Mwapeza E ndi Bb, amene ndi 3 ndi 7 wa C7. Bwererani pa G7 paja, kenako pitani fret imodzi kutsogolo, pa 4 ndi 5. Mwapeza F# ndi C, ndiye D7 imeneyo. Blues wamba ya ma bar 12 imangofuna ma chord atatu amenewa. Ndiye kuti blues yonse ili pa zala ziwiri, ndipo dzanja siliyenda kupitirira fret imodzi uku kapena uku.

Usiku umene ndinazindikira zimenezi ndinakhala pa mphasa pabalaza mpaka tambala woyamba. Ndinali wokondwa, komanso ndinali ndi manyazi. Zinali m'buku la Greene muja nthawi yonseyi, pa masamba amene ndinkadumpha.

Chimene chimakoma apa si kuchepa kwa ntchito kokha. Tamverani mmene manoti akuyendera. F akutsikira pa E, B akutsikira pa Bb, aliyense akungosuntha phazi limodzi kulowa m'nyumba yoyandikana nayo. Amene munaimbapo aluto mukudziwa zimenezi: sopulano amadumphadumpha, koma aluto wabwino amakhala pa noti imodzi kapena kusuntha pang'ono, ndipo ndi iye amene amamata nyimbo. Ine kale ndinkanyamula chord yonse ngati mtolo wa nkhuni kuchoka pa fret 3 kukaiponya pa fret 8. Chord iliyonse payokha inali yokongola, koma sinkadziwana ndi inzake.

Mu jazz muli kanjira kamene kamapezeka pafupifupi m'nyimbo iliyonse, kotchedwa ii-V-I. Mu kiyi ya C ndi Dm7, G7, Cmaj7. Pa nsambo ziwiri zomwezija, Dm7 ndi F pa fret 3 ndi C pa fret 5. Kupita ku G7, F akhala pomwepo, C yekha atsikira pa B. Kupita ku Cmaj7, B akhala pomwepo, F yekha atsikira pa E. Noti imodzi yokha ikusuntha nthawi iliyonse, mosinthana, ngati anthu awiri akutsika phiri atagwirana manja. Ndinaimba kanjira aka kwa zaka zoposa khumi ndi ma chord akuluakulu osamva n'komwe kuti mkati mwake mukuchitika zimenezi.

Chala chachitatu chimene ndinapeza ndi chachikulu. Aphunzitsi a gitala ya classical amaletsa kuti chala chachikulu chisuzumire pamwamba pa khosi la gitala, koma a blues akhala akuchita zimenezi kuyambira kale, ndipo ine ndinalibe mwayi wosankha. Ndikakhala ndekha popanda wa besi, chimenechi ndicho chimagwira nsambo ya 6. Pa G7 chili pa fret 3. Pa C7 sichisuntha, chimakhalabe pa G pomwepo, amene ndi 5 wa C7, moti chord yonse ya C7 ikulira mulibe C aliyense, koma khutu silidandaula. Pa D7 chimapita pa fret 5. Mafuwa atatu, mphika wakhala.

Tsopano pali chinthu china chimene sindinachipeze m'buku kapena pa intaneti, ngakhale chimalembedwa paliponse. Kusukulu kwathu kuli kakalabu ka nyimbo kokumana Lachitatu masana, ndipo kiyibodi yake ndi yakale, makiyi awiri salira. Nditayambiranso kuimba ndinkapita nayo gitala kumeneko. Mtsikana wina wa Fomu 3 ndinamupatsa ntchito yoliza besi ndi dzanja lamanzere: D, G, C, pamene ine ndikugwira timanoti tiwiri tija. Ulendo wina, m'malo mwa G, chala chake chinagwera pa kiyi yakuda, Db. Anachotsa dzanja msanga ngati wagwira mbaula.

"Pepani aphunzitsi, ndalakwitsa."

"Ayi, bwereza. Liza chomwecho walizacho."

Anandiyang'ana ngati ndikufuna kumuchititsa manyazi pamaso pa anzake, koma anabwereza. D, Db, C. Besi ikutsetsereka pang'onopang'ono, ndipo F ndi B anga aja akukwanira bwinobwino pamwamba pake. Chifukwa chake ndi masamu enieni, ndipo apa mundilole ndisangalale pang'ono. Manoti onse alipo 12. Kuchoka pa F kufika pa B ndi masitepe 6, ndipo kuchoka pa B kufika pa F wotsatira ndi masitepe 6 omwewo. Ndi theka lenileni, ngati 12 koloko ndi 6 koloko pa wotchi. Ndiye manoti awiriwa angathe kusinthana maudindo. Mu G7, B ndi 3 ndipo F ndi 7. Mu Db7, F ndi 3 ndipo B ndi 7, ngakhale pamenepo olemba nyimbo amamutcha Cb. Ma chord awiri osiyana, mtima umodzi. Oimba jazz amazitcha tritone substitution. Dzinali ndinkalidziwa kuyambira kale ndipo ndikanakhoza mayeso ake, koma ndinalimva koyamba tsiku limenelo, kuchokera kwa mwana amene ankapepesa.

Mukazimvetsa zimenezi, blues ya a jazz siopsanso. Iwo amatenga ma bar 12 omwe aja n'kuikamo tinjira tachidule. Mu bar ya 4 amaika Dm7 ndi G7 kuti akalowe bwino mu C7. Mu bar ya 6 amaika C#dim7, dzina loopsa, koma taonani: G, E ndi Bb amene mwagwira kale pa C7 uja onse ali mu C#dim7. Wa besi akangokwera kuchoka pa C kupita pa C#, chord yasintha yokha inu osasuntha chala. Kumapeto, pobwerera poyambira, amakonda G7, E7, A7, D7. Pa nsambo ziwiri zathu zija, E7 ili pa fret 6 ndi 7, A7 pa 5 ndi 6, D7 pa 4 ndi 5, G7 pa 3 ndi 4. Kagwiridwe kamodzimodzi kakungotsika makwerero. Wa besi akafuna, pansi pa E7 wanuyo atha kuliza Bb, pansi pa D7 n'kuliza Ab, ndipo omvera adzati gululi ndi lozama. Charlie Parker anafika nazo patali zimenezi mu Blues for Alice ya 1951, m'mene pafupifupi bar iliyonse ili ndi ii-V yakeyake, koma mafupa a blues akadali momwemo.

Za ma chord okhala ndi 9 ndi 13 ndinenepo pang'ono. Amenewa ndi ndiwo zothira pamwamba, ndipo malo ake amapezeka ukachotsa G ndi D zija. T-Bone Walker, amene anajambula Call It Stormy Monday mu 1947, ndiye anazolowetsa anthu a blues kulira kwa chord ya 9. Pali kachinthu kamene aliyense woimba nyimbo imeneyi amachita. Pa C9, nsambo zitatu zowonda zonse zili pa fret 3, manoti ake Bb, D ndi G. Mumazigoneka ndi chala chimodzi, n'kutsetsereka kufika pa fret 5, pamene zisanduka C, E ndi A, kenako n'kubwerera. Chala chimodzi! Bobby Bland atayijambulanso nyimboyi mu 1961, Wayne Bennett ali pa gitala, munalowa ma chord okwera ngati masitepe mu bar ya 7 ndi ya 8, ndipo a Allman Brothers Band anatengera zomwezo pa At Fillmore East mu 1971. Mu kiyi ya G ndi G7, Am7, Bm7, kenako Bbm7 potsika. Ma minor atatuwo ndimawagwira ndi zala ziwiri zokha, chachikulu pa nsambo ya 6 ndi mkombaphala atagona pa ya 4 ndi ya 3, zonse pa fret imodzi: 5, kenako 7, kenako 6. Nyimbo imene ndinaiphera pa hotela paja ndi katundu wa m'fotokope, lero ndimaiimba ndi dzanja lopunduka, ndipo ikumveka bwino kuposa tsiku lija. Izi sindikunena modzitonthoza. Mayi a kunyumba, amene sanamizapo munthu pa nkhani ya nyimbo, anavomereza.

Koma ndisakunamizeni kuti ngozi ija inali dalitso. Anthu amakonda nkhani zotero, ine ayi. Pali zinthu zimene zinapita. Ma chord a manoti anayi pa nsambo zinayi zoyandikana, amene amawatcha drop 2, amene Wes Montgomery ankawathamangitsa m'mwamba ndi m'munsi pothera pa solo zake, ambiri mwa iwo amafuna zala zonse zinayi. E7#9 ija ya Jimi Hendrix mu Purple Haze ya 1967, imene G# ndi G amalira pamodzi ngati anthu awiri okangana m'nyumba imodzi, sindingaigwire yonse. Ndipo loto limene linayambira pa kaseti ya ku koleji, loti tsiku lina ndidzakhale ndekha pa mpando n'kuimba nyimbo yathunthu ngati Joe Pass, ndinalisiya. Nyimbo zake ndinazibwezeretsa mu foni, koma pali masiku ena amene ndimazidumpha. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti zonse ndalemba pamwambazi ndikanatha kuziphunzira zala zili zonse. Munthu anandiuza pamaso, m'Chichewa chomveka bwino, ndipo ndinamuyesa wansanje.

Ndinamufunafuna mkulu uja chaka chatha. Gulu lija linatha kalekale, hotelayo inasintha eni ake. Mnzanga amene ananditchula tsiku lija anandiuza kuti mkuluyo anabwerera kumudzi kwawo ndipo besi anagulitsa. Ndinatumiza uthenga kudzera mwa mphwake, wongonena kuti mphunzitsi wa jekete uja watuluka m'munda mwanu. Yankho silinabwere, ndipo n'kutheka kuti sakundikumbuka n'komwe. Oimba gitala odzaza nsambo zonse ayenera kuti anakumana nawo ambiri.

Pakadali pano ndikulimbana ndi G13. Ndi G7 yathu ija, chachikulu pa fret 3, mkombaphala pa F, chapakati pa B, kenako E pa nsambo ya 2, fret 5. E ameneyo akufuna chala cha mphete. Mu Okutobala, kukatentha, chimafika, ndipo noti imalira bwinobwino ndikachiviika kaye m'madzi ofunda. Mu Juni chimakana. Lachitatu lapitali chinakana, ndiye ndinauza mtsikana wa kiyibodi uja kuti dzanja lake lamanja likungokhala, andilizireko E ameneyo. Anafunsa kuti, "E yekha basi, aphunzitsi?" Ndinati eya, yekhayo, koma adikire mpaka bar ya 11.

Amene mwayesa zimene ndalembazi, mundiuze ngati chala chachikulu chikufika pa nsambo ya 6. Pa magitala a khosi lonenepa aja chimavuta.